Leaf ya 2018 ingafike ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe osatchaja panjira?

Bambo a Chisomo: Akuluakulu muli bwanji nonse pagulu pano. Ndatopa ndi kugona pamzere wa mafuta, ndiye ndikuganiza zoitanitsa galimoto ya magetsi, Nissan Leaf ya 2018, kuchokera ku Japan. Wogulitsa walemba kuti batire yake ndi 40 kWh ndipo ikadzadza imayenda makilomita 400. Ine ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku City Centre, koma mwezi ndi mwezi ndimapita ku Blantyre kukaona mayi. Poti ulendowo ndi makilomita pafupifupi 310, ndikuona ngati ndingafike n'kutsalanso ndi moto wozungulira nawo mu Limbe. Amene mukuzidziwa galimotozi, ndikuganiza bwino?

Che Dizilo: Mudzanyamule mphasa ndi bulangete achimwene. Mukagona pa Manjawira.

Bambo a Chisomo: Hahaha inu a Dizilo timakudziwani, chilichonse chosatulutsa utsi mumati si galimoto. Ndikufuna ayankhe amene anayendetsapo.

Mmisiri wa ku Biwi: Bwana, yankho lachidule ndi lakuti simufika. A Dizilo akukunyozani inde, koma pa Manjawira pomwepo akukukomerani mtima. Mwina simungadutse n'komwe pa Ntcheu patali.

Bambo a Chisomo: Ndiye kuti wogulitsayo akunama?

Aphunzitsi a Sayansi: Sakunama kwenikweni, wangokopera nambala yomwe imakoma m'makutu. 400 imeneyo inachokera ku mayeso akale a ku Japan otchedwa JC08. Pa mayesowo galimoto imayenda pa makina m'nyumba, liwiro lake lapakati ndi makilomita 24 okha pa ola, ndipo pamene yathamanga kwambiri sipitirira 82. Palibe chitunda, palibe mphepo, AC ndi yozimitsa. Inu munayendapo pa M1 pa 24?

Galimoto yomweyomweyo, batire yomweyomweyo, itayesedwa ndi mayeso atsopano a ku Japan komweko inapatsidwa 322. Ku Ulaya, pa mayeso awo otchedwa WLTP, anailembera 270. Ku America, komwe bungwe la EPA limachotserako dala kuti nambala ifanane ndi zenizeni, anailembera mamailosi 151, omwe ndi makilomita 243. Nambala zinayi, galimoto imodzi. Ndipo zonsezo ndi za galimoto yatsopano yongotuluka kumene mufakitale, osati yomwe munthu wayendera kuyambira 2018.

Che Dizilo: Kuchoka pa 400 kufika pa 243 tisanalize n'komwe injini. Pepani, ilibe injini.

Nabanda wa ku Chilomoni: Ine ndili nayo Leaf, koma yakale ija ya 30 kWh. Papepala la ku Japan analemba 280. Mwa timizere 12 tosonyeza thanzi la batire tatsala 10. M'tauni muno, Chilomoni, Ginnery Corner, Limbe, kubwerera, ndimayenda pafupifupi 140 ndisanayambe kuda nkhawa. Ku Zomba ndimapita bwinobwino, koma ndikafika ndimailumikiza kwa achemwali anga tikamacheza, chifukwa kupita ndi kubwera ndi 130 ndipo sindifuna kufika pa Njuli mtima uli m'mwamba. Ku Lilongwe ndimakwera basi. Koma kunena zoona, pa mzere wa mafuta ndimangodutsa n'kuwapatsa moni anzanga.

Bambo a Chisomo: Zikomo mayi. Timizereto ndi tomwe timasonyeza kuti moto watsala wochuluka bwanji?

Mmisiri wa ku Biwi: Ayi, n'zinthu ziwiri zosiyana ndipo ambiri amasokoneza pamenepa. Pali chosonyeza kuti mwatchaja kufika pati, chija chimakwera mukalumikiza n'kutsika mukamayenda. Ndiye pali timizere tina tosonyeza kuti batireyo yakalamba bwanji. Timeneto tikachoka sitibwerera. Zili ngati foni yakale, imalemba 100% koma pofika masana yazima.

Choti mudziwe n'chakuti kamzere koyamba sikachoka msanga. Kamadikira mpaka batire itatsika kufika pa 85% ya mphamvu yomwe inali nayo ili yatsopano. Kenako timizere tinato timachoka pakatha 6% ndi pang'ono aliyense. Ndiye munthu atha kukuonetsani chithunzi cha timizere 12 tonse, inu n'kusangalala, chikhalirecho batire ili pa 86% ndipo mwezi wamawa kamodzi kachoka. Musalipire musanaone nambala ya SOH, yomwe ndi peresenti yosonyeza thanzi la batire. Pali kapulogalamu ka pafoni kotchedwa LeafSpy, amalumikiza ndi kachipangizo kobaya pansi pa chiwongolero pa soketi yotchedwa OBD, kamaonetsa SOH yeniyeni, kangati galimotoyo inatchajidwa pa chaja yothamanga, ndiponso ngati muli maselo ofooka. Wogulitsa wokana kutumiza chithunzi chimenecho, musiyeni.

Aphunzitsi a Sayansi: Tiyeni tiwerengere limodzi kuti a Bambo a Chisomo aone okha. Yunitsi imodzi ya magetsi yomwe mumagula ija ndi 1 kWh. Batire ya 40 siilola kuti muigwiritse ntchito yonse, imasunga pang'ono pamwamba ndi pansi podziteteza, ndiye tinene kuti ili yatsopano mumapeza 37 kapena 38. Tiyerekeze kuti SOH ili pa 85%. Mwatsala ndi mayunitsi pafupifupi 32.

Funso lachiwiri, yunitsi imodzi imakuyendetsani mtunda wotani? M'tauni, mukuyenda mofatsa, Leaf imapereka makilomita 7 kapena 8. Pa msewu waukulu, pa liwiro la 100, AC ikuwomba, banja lili m'kati ndi katundu kumbuyo, werengerani 6 kapena kutsikirapo. 32 kuchulukitsa ndi 6 ndi 192. Palibe munthu wanzeru amene amayenda mpaka ziro, ndiye chotsanipo 20 yosungira. Mwatsala ndi 170. Ntcheu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 160 kuchokera ku Lilongwe.

Bambo a Chisomo: Apa pandidabwitsa. Galimoto yanga ya petulo imamwa kwambiri m'tauni, pa ulendo wautali imasunga. Iyi ikuchita zosemphana bwanji?

Aphunzitsi a Sayansi: Chifukwa injini ya petulo imawononga mafuta ambiri pongolira pa jamu ndi posintha magiya apansi, ndiye ikafika pa msewu wotseguka imaoneka ngati yapuma. Ya magetsi ikaima pa maloboti siidya kanthu kupatula AC ndi wailesi, ndipo mukamachepetsa liwiro mota yake imasanduka jenereta n'kubwezera moto mu batire. M'tauni ndi kwawo. Mdani wake wamkulu ndi mphepo yomwe galimoto imakankha kutsogolo. Mphamvu yokankhira mphepoyo siikwera mofanana ndi liwiro, imakwera ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Kuchoka pa 80 kufika pa 120, kukana kwa mphepo kumaposa kuwirikiza kawiri. N'chifukwa chake woyenda pa 80 amafika patali kuposa wothamanga, ngakhale batire zawo zili zofanana.

Che Dizilo: Ndiye mugule galimoto ya mamiliyoni kuti muzipitiriridwa ndi minibasi ya ku Lizulu.

Nabanda wa ku Chilomoni: Minibasiyo ndimaipeza kutsogolo itaima pa filing'i siteshoni yopanda mafuta, a Dizilo.

Angozo ku Joni: Ndalowa mochedwa koma nkhani ya liwiroyi ndiichitire umboni. Kuno kuntchito tili ndi BYD Atto 3, batire yake ndi 60 kWh, papepala la WLTP ndi 420. Mu Johannesburg momwemo nambala imeneyo siili patali ndi zoona. Koma mukalowa N3 kupita ku Durban, makilomita pafupifupi 570, aliyense akuthamanga 120, ine sindiwerengera zoposa 300. Timaima pa Harrismith, kulumikiza pa chaja yothamanga, kudya, kupitiriza. Chomwe chimathandiza kuno si kukula kwa batire kokha, ndi kuti panjira pali potchajira.

China chomwe ndinaona, popita ku Durban imadya pang'ono kusiyana ndi pobwera. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, Durban ili m'mbali mwa nyanja. Pobwerera mumakwera njira yonse.

Aphunzitsi a Sayansi: Angozo mwakhudza pofunika, ndipo kwathu kuno zitunda ndiye zosayamba. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, Dedza ili cha pa 1,600. Kukweza galimoto yolemera makilogalamu 1,700 pamodzi ndi anthu ake pa mamita 550 amenewo kumafuna mayunitsi awiri ndi theka, kuwonjezera pa omwe mukadagwiritsa ntchito pa msewu wosalala. Ndi makilomita 15 omwe asowa pa dashibodi musanafike pa Bembeke. Ena mudzawapeza potsetsereka kulowera ku Ntcheu ndi ku Balaka, koma osati onse, chifukwa pobwezera moto mu batire wina umatayika ngati kutentha. Ndipo ulendo wa ku Blantyre uli ndi msampha kumapeto: mukawoloka Shire pa Zalewa, pomwe ndi potsika kwambiri, mumayamba kukwera kudutsa Lirangwe ndi Lunzu, nthawi yomwe batire yatha kale.

Nabanda wa ku Chilomoni: Za chitundazi funsani ine. Potsikira ku Chikwawa pa Thabwa paja, nambala ya makilomita otsala imachita kukwera m'malo motsika, umafika kumunsi ukumwetulira. Pobwera ndiye umaona ikugwa ngakhale ukuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa lole ya shuga. Nambala ya pa dashibodi ija imangotengera mmene wayendera mphindi zapitazo, siidziwa kuti kutsogolo kuli phiri. Ine ndinasiya kuiyang'ana, ndimayang'ana peresenti.

Komanso mukadzadza 100% n'kuyamba ndi kutsetsereka, siibwezera moto chifukwa ulibe kolowa. Mumangodalira mabuleki basi.

Nachisale ku Leeds: Moni kumudzi. Kuno vuto lathu ndi kuzizira. M'nyengo ya chisanu batire imafooka yokha, ndiye uwonjezere hita, magalasi akuchita nthunzi, magetsi oyaka kuyambira 4 koloko masana. Galimoto yomwe mu July imandifikitsa kuntchito ndi kubwera masiku angapo, mu January ndimaitchaja pafupipafupi. Ku Norway bungwe la oyendetsa galimoto la NAF limatenga magalimoto a magetsi ambirimbiri kawiri pachaka, m'chilimwe ndi m'chisanu, n'kuwayendetsa mpaka aliyense atazima yekha pamsewu. Pa mayeso a m'chisanu pafupifupi onse amaperewera pa nambala yawo ya WLTP. Inu kumeneko muli ndi mwayi, kuzizira kwa ku Dedza mu June sikungafike pamenepo.

Mmisiri wa ku Biwi: Mwayi uli mbali imodzi achemwali. Kuzizira kumachepetsa mtunda tsiku lomwelo, kukafunda umabwerera. Kutentha kumakalambitsa batire mpaka kalekale. Leaf imeneyi ilibe madzi oziziritsira batire monga magalimoto ena ambiri a magetsi, imangozizira yokha ndi mpweya wozungulira. Mu 2012 eni ake a Leaf zoyambirira ku Phoenix, ku Arizona, komwe kumatentha koopsa, anadandaula kuti timizere tikuchoka msanga, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Ya 40 kWh nayo itatuluka, anthu ku Ulaya anapeza kuti ukaitchaja pa chaja yothamanga kawiri katatu tsiku limodzi batire imatentha, galimoto n'kuyamba kuchepetsa yokha liwiro lotchajira.

Ku Lilongwe kulibe vuto lalikulu. Koma munthu wa ku Nsanje, Chikwawa kapena Mangochi, komwe mu October ndi November kumafika madigiri 40, aziimika pamthunzi, ndipo asamaisiye itadzadza 100% padzuwa masiku ambiri. Ngati mawa simukupita patali, 80% ikukwanirani.

Angozo ku Joni: BYD yathuyi batire yake ndi ya mtundu wa LFP, imeneyo siidandaula kwambiri ndi kudzadzitsa. Si batire zonse zofanana.

Bambo a Chisomo: Chabwino, ndamva kuti ulendo umodzi sizitheka. Nanga nditaima pa Ntcheu kwa alamu anga, n'kulumikiza pa soketi pomwe tikudya nsima? Ola limodzi kapena awiri.

Che Dizilo: Alamu anuwo akonzeretu chipinda.

Aphunzitsi a Sayansi: Apa a Dizilo alondola. Soketi ya m'nyumba ndi 230 V, ndipo chingwe chotchajira chabwino chimakoka ma amp 10 kuti pulagi isatenthe. Ndi mayunitsi 2.3 pa ola. M'maola awiri a nsima mwapeza mayunitsi osakwana asanu, wina atatayika panjira, makilomita mwina 25. Kuchokera pa Ntcheu kukafika ku Blantyre kwatsala 150. Kuti mudzadze mayunitsi 30 pa soketi yotere mukufunika maola 14 kapena kuposerapo, magetsi asanazime ngakhale kamodzi. Ndiye kuti ulendo wa maola anayi kapena asanu wasanduka wa masiku awiri.

Mmisiri wa ku Biwi: Ndipo ngakhale mutakoka waya wonenepa ngati wa kuka, galimotoyo ili ndi malire ake. Zambiri za 40 kWh zochokera ku Japan chaja yake ya m'kati ndi ya 3 kW, Nissan yomwe imati maola 16 kuti idzadze. Zina zili ndi ya 6 kW, maola 8. Funsani kuti yanuyo ili ndi iti.

Chenjezo lina: chingwe chomwe chimabwera m'buti chinapangidwira magetsi a 200 V a ku Japan ndipo pulagi yake siilowa m'masoketi athu. Ndaonapo anthu akudula pulagi n'kumangirira yathu ya 13 A, kenako n'kulumikiza pa ekisitenshoni ya mumsika yomwe ikudyetsanso firiji. Pulagi imasungunuka. Gulani chingwe cha 230 V, ndipo muitane wamagetsi wodziwa ntchito akukokereni laini yakeyake yokhala ndi bureka yake ndi waya wa pansi wabwino.

Mai a Tiya: Pepani kulowerera. Mwamuna wanga akuti tigule Note e-Power, akuti nayonso ndi ya magetsi koma imafika ku Mzuzu osaima. Ndi zoona?

Mmisiri wa ku Biwi: Imafika mayi, koma ndi petulo. Matayala amazunguzidwa ndi mota ya magetsi, inde, koma magetsiwo akupangidwa ndi kainjini ka petulo komwe kali m'boneti. Ilibe pobayira chingwe. Imamwa pang'ono ngati Aqua, koma pamzere mudzaimabe. Yomwe imachita zonse ziwiri ndi monga Outlander PHEV: mumatchaja kunyumba, imayenda makilomita makumi angapo pa batire, ikatha injini imadzuka.

Mai a Tiya: Zikomo, ndimuuza asanandinamize zambiri.

Angozo ku Joni: Kubwerera kwa a Bambo a Chisomo. Wina akakuuzani kuti pamalo pakutipakuti pali chaja yothamanga, musanyamuke musanadziwe kamwa yake. Leaf ya ku Japan imalandira CHAdeMO. Kuno ku South Africa ndi ku Ulaya zambiri tsopano ndi CCS2. Magalimoto ogulidwa mwachindunji ku China amabwera ndi GB/T. Zitatuzi sizilowana. Mutha kufika pa chaja yonyezimira bwino, batire ili pa 5%, n'kupeza kuti pulagi yake si yanu. Ndipo za ku China zo nambala yake ya mtunda imakhala ya mayeso awo a CLTC, omwe nawonso ndi a liwiro lotsika. Mukaona 500 ya CLTC, musaiyerekeze ndi 500 ya WLTP.

Che Dizilo: Funso langa ndi limodzi. Ikathera pa Kammwamba usiku, mumatani? Ine ndimatuma wa kabaza ndi chigubu.

Nabanda wa ku Chilomoni: Siizima mwadzidzidzi. Imayamba yachenjeza kuti moto wachepa, kenako nambala ya makilomita imasowa n'kutsala timizere, pomaliza pamabwera chithunzi cha kamba ndipo mphamvu imachepa kuti upeze poima. Ukafika pa kamba ndiye kuti machenjezo onse unawanyozera dala.

Mmisiri wa ku Biwi: Koma ikazima, a Dizilo ali ndi mfundo, chigubu palibe. Ndipo musaikoke ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi, chifukwa amazunguza mota. Imafuna kunyamulidwa. Zomwezi muziganizire poitanitsa: ikatsika pa doko la Dar es Salaam, kukafika pa Songwe ndi makilomita oposa 900. Madalaivala aja amene amabweretsa magalimoto poyendetsa sangaithe imeneyi. Muikiretu pa bajeti ndalama ya lole yonyamula magalimoto mpaka ku Lilongwe.

Bambo a Chisomo: Eee, imeneyo sindinaiwerengere. Mwandifooketsa ndithu.

Nabanda wa ku Chilomoni: Musafooke achimwene, mwangofunsa funso la tsiku limodzi pamwezi n'kuiwala masiku ena onsewo. Pa tsiku wamba mumayenda mtunda wotani?

Bambo a Chisomo: Kusiya ana kusukulu, kuntchito, nthawi zina kudzera ku Area 3, kubwerera. Sizipitirira 50.

Nabanda wa ku Chilomoni: Ndiye mayunitsi 7 kapena 8 patsiku. Pa soketi ndi maola anayi osakwana. Ngakhale magetsi atazima usiku wonse, batire yodzadza ikusungani masiku atatu kapena anayi. Ine chomwe ndimachita, akangoyaka ndimabaya, kaya ndi 10 koloko usiku kaya m'bandakucha. Tengani mtengo wa mayunitsi 16 muyerekeze ndi wa malita 6 kapena 7 a petulo, chifukwa zonsezo ndi makilomita 100. Mukawerengera mudzandiuza. Oyilo wa injini, mapulagi, fyuluta ya mafuta, zonsezo ndinaziiwala.

Aphunzitsi a Sayansi: Ndipo maulendo apafupi ngotheka. Ku Dedza ndi 85, kupita ndi kubwera kuli pa malire, koma pobwerera mukutsika. Ku Salima ndi pafupifupi 100, popita mukutsikira kunyanja ndiye mufika ndi moto wambiri, mugone konko italumikizidwa, m'mawa mukwere chitunda ndi batire yodzadza. Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo osatchaja ndiye ayi. Ku Kasungu chimodzimodzi, mufika koma mukatchaje musanabwerere.

Nachisale ku Leeds: Nanga Leaf ya 62 kWh ija, yotchedwa e+, yomwe inatuluka mu 2019? WLTP yake ndi 385.

Aphunzitsi a Sayansi: Imeneyo ikuyandikira. Tinene kuti ili yatsopano mumapeza 56 mpaka 58, SOH ili pa 90%, ndiye mayunitsi 51. Pa makilomita 6 pa yunitsi ndi 306. Ulendo ndi 310. Munthu woyenda pa 80, matayala opopa bwino, wopanda katundu padenga, atha kulowa mu Blantyre kamba akusuzumira. Ine sindingatengere mayi anga kapena ana pa masamu othina choncho, makamaka poganizira chitunda cha ku Lunzu.

Bambo a Chisomo: Wogulitsa uja wayankha. Watumiza chithunzi cha LeafSpy, SOH ikuonetsa 83%, timizere 11. Chaja ya m'kati akuti ndi ya 3 kW.

Mmisiri wa ku Biwi: Ya 2018 pa 83% si yoipa, koma isagulidwe pa mtengo wa timizere 12. Muuzeni atsitse. Pa chithunzi chomwecho yang'anani nambala yolembedwa mV, yosonyeza kusiyana kwa maselo. Ikakhala yaing'ono, makumi awiri kapena atatu, zili bwino. Ikakhala m'mahandiredi ndiye kuti muli selo lodwala, ndipo galimoto yotero imatha kugwa kuchoka pa 30% kufika pa kamba mukukwera chitunda. Onaninso kuti nambala ya chasisi pa chithunzipo ikufanana ndi ya galimoto yomwe mukugulayo, anthu amatumiza chithunzi cha ina.

Bambo a Chisomo: Pa mV palembedwa 18. Chasisi ikufanana. Ndikambirana ndi mayi a kunyumba, chifukwa zikatere ndiye kuti ya petuloyi sitigulitsa, ikhala ya ku Blantyre. A Mmisiri, wamagetsi wokoka laini ija mukumudziwa?

Mmisiri wa ku Biwi: Alipo, ndikutumizirani nambala yake kumbali. Mujambuliretu bokosi lanu la mabureka kuti aone ngati muli malo.